Kusaka Nyumba ndi Amake Lute

Mwana wathu Lute anamwalira ndi kolera m'nyengo ya mvula, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ine kunalibe. Nthawi imeneyo, chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndinkagwira ntchito yoyeza malo, ndipo uthenga unandipeza kutchire kumene tinkakhoma zikhomo za malire a mafamu. Pofika ku Lusaka ndinapeza atamuika kale m'manda. Maliro a kolera sankadikira munthu. Panalibe kugoneka thupi m'nyumba, panalibe kuona nkhope.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu ya ku Chilenje inatikulira. Akazi anga Esinati, amene aliyense ankawatcha amake Lute, analeka kupita kumsika kumene ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika. Kuphika ankaphika, kuchapa ankachapa, ndikawafunsa kanthu ankayankha, koma mwachidule, maso ali pansi. Ana a anzathu akayamba kusewera panja, iwo ankatseka mawindo ngakhale kutenthe chotani.

Mvula inatha, chisanu chinadutsa. Tsiku lina m'mawa ndikumanga zingwe za nsapato, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Batate Lute, tichokemo muno."

Sindinafunse kuti tipite kuti. Sabata yomweyo ndinapempha tchuthi kuntchito, n'kubwereka vaneti yokalamba ya msuweni wanga, imene ankanyamulira tomato. Maganizo anga anali akuti tikapeze nyumba cha ku Chongwe, kufupi ndi kwawo kwa amake Lute ku Nkomeshya, ine ndizikwera minibasi m'mawa popita kuntchito. Ndipo poti galimoto inali m'manja mwathu sabata yathunthu, ndinati tikatha za nyumba tipitirire mpaka ku mtsinje wa Luangwa, kumene ndinagwirako ntchito ndili mnyamata. Ndinali nditawalonjeza kalekale, tisanakwatirane n'komwe, kuti ndidzakawaonetsa mvuu ndi njovu. Ndinaganiza kuti mwina mphepo ya kwina ingawatsitsimule. Tinalongedza mbaula, thumba la makala, ufa, kapenta, buledi, chigubu cha madzi, ndi tenti yobiriwira imene ndinkagonamo kutchire. Tentiyo inali yokulungidwa m'saka, ndipo iwo sanafunse kuti m'sakamo muli chiyani.

Tinanyamuka dzuwa lisanakwere. Tinalowa msewu wa ku bwalo la ndege, kenako n'kupatukira mu msewu wafumbi wopita ku Kasisi, chifukwa mnzanga wa kuntchito anali atandiuza kuti kumeneko kuli mayi wamasiye amene akufuna munthu wolowa m'nyumba ina pafamu yake. Vaneti inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo, fumbi likulowera m'mabowo a pansi pa mapazi athu.

Nyumbayo inali yabwino kuposa mmene ndinkayembekezera: ya njerwa zowotcha, ya malata, chitsime pakhomo, mitengo ya mango itachita maluwa. Mayiyo anatizungulitsa zipinda zonse akutamanda simenti ya pansi, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuona pamene tidzaike kabati. Tili pakhonde, belu la ku mishoni yapafupi linalira. Posakhalitsa kanjira kodutsa kumpanda kwa nyumbayo kanadzaza ndi ana a sukulu, ena akuthamangitsana, ena akuimba. Kamtsikana kena kanapatuka, kanadzagwada patsogolo pathu n'kupereka moni, mabuku ali m'pepala lapulasitiki. Kanali kamdzukulu ka mayi uja.

"Bamapita apa masiku onse," mayiyo anatero monyadira. "Bana banu sibazavutika, sukulu ni apa chabe. Muli nabo bangati?"

Ndinacheuka kuti ndione amake Lute, koma anali atafika kale ku galimoto, akulimbana ndi chitseko.

"Tinali naye umodzi," ndinayankha.

Mayi uja anagwira pakamwa. Sananenenso za nyumba. Analowa m'khitchini, natuluka ndi mazira m'kambale, nandipatsa ndi manja awiri.

Ku Chongwe tinafika dzuwa lili pamutu. Boma la masiku amenewo linali msewu waukulu, mashopu angapo, msika, maofesi a khonsolo, ndi maminibasi amene makondakitala ake ankangokuwa "Tauni! Tauni!" ngakhale mulibe munthu. Kufunsa za nyumba pamsika kuli ngati kuwaza chimanga pakati pa nkhuku. Aliyense anali ndi malume wake amene ali ndi nyumba. Yoyamba imene anatitengerako inagundana khoma ndi bala, moti tili m'katimo ndinkamva nyimbo ikugunda m'mano. Ina inalibe denga mbali imodzi, ndipo mwini wake anati tifolere tokha, azidzatichotsera pa lendi. Amake Lute sanatsike n'komwe m'galimoto.

Kenako wina anatilozera kumapeto kwa mzere wa nyumba, nati pali ya ba Mulenga, wapolisi wopuma ntchito. Tinapezako akazi awo okha. Makiyi anali m'thumba mwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali atapita pa njinga ku maliro ku Chalimbana.

"Bazabwela manje-manje," akazi awo anatero, natitulutsira timipando ndi munkoyo, chakumwa chonga thobwa, m'makapu.

Manje-manje wakeyo anatenga masana onse. Mthunzi wa mtengo unkasuntha, ife n'kumasuntha nawo timipando. Ndinayatsa mbaula n'kuwiritsa mazira a ku Kasisi aja. Amake Lute anadya limodzi, zikhokho zake n'kumaziphwanyaphwanya ndi chala pa bondo mpaka zinasanduka ufa. Mbuzi zinabwera kudzanunkhiza matayala. Njinga iliyonse ikatulukira pakona ndinkaimirira, n'kukhalanso. Dzuwa litapendeka ndi pamene ba Mulenga anafika, atavala jekete lakuda, thukuta lili kamukamu.

"Muli shani, mukwai? Pepani maningi. Bambusa banatalikitsa ulaliki monga womwalilayo anali bishopu."

Nyumba yawo inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri, yonunkha laimu. Kutsogolo kunalibe njira yodutsa anthu. Kuseri kunali minda youma yotsetsereka kulowera ku mtsinje wa Chongwe. Amake Lute analowa m'chipinda cham'kati, anatsegula windo, naima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana mapesi.

"Ili chabe bwino," anatero.

Chichokereni maliro, ichi chinali chinthu choyamba kuchiyamikira. Ndinapempha ba Mulenga kuti atisungire mpaka tibwerere kuchokera ku Luangwa.

"Nizakusungilani mpaka pa Sondo," anatero. "Koma ku Luangwa na motoka iyi? Muli na chikhulupililo."

Tinapitirira kum'mawa dzuwa likutiwomba kumsana, n'kukaima ku Chinyunyu, pamene madzi otentha amatumphuka pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinapempha malo kwa bambo wina wa pamudzi wapafupi, ndipo anatilozera pansi pa mtengo waukulu. Amake Lute anatenga chidebe kukatunga madzi. Ine ndinamasula saka lija n'kuyamba kukhoma zikhomo. Ntchito imeneyi manja anga ankaidziwa okha, moti iwo pobwera anapeza tenti itaima kale, pakhomo pake pali potsegula, mphasa ndi mabulangete nditayala.

Chidebe chinawapulumuka pamutu. Madzi anamwazika ponseponse, iwo ali chilili, maso ali pa tenti ngati aona njoka.

"Bamake Lute, ni chani?"

"Siningalowemo."

"Mulibe kanthu umu. Ni yamene nigonamo ku nchito, olo mvula siilowa."

"Siningalowemo. Musanifunse."

Anakakhala kutsogolo kwa galimoto, natseka chitseko. Ndinaphika ndekha n'kuwapatsira chakudya pawindo, koma mbale inabwerera mmene inapitira. Iwo anagona chokhala m'galimotomo, ine m'tenti. M'mawa ndinawapeza kukasupe, atamiza mapazi m'ngalande momwe madzi amayamba kuzirala, nthunzi itawazinga. Ndinagwetsa tenti mwakachetechete, ndinaikulunga, n'kuikankhira pansi pa thumba la makala. Sindinaitulutsenso ulendo wonse.

Ku Rufunsa tinaima kuti tigule nthochi, ndipo pamenepo ndi pamene tinapezera mnzathu wa paulendo. Anali mayi wathupi, wa mawu ngati belu, dzina lake ba Enelesi, atakhalira madengu opanda kanthu m'mphepete mwa msewu. Ankapita ku mlatho wa Luangwa kukaoda nsomba zouma, ndipo basi inali itawasiya ali kuchimbudzi. Ndisanavomere n'komwe, madengu anali atakwera kale kumbuyo. Anafuna kulipira, ine ndinakana, ndiye anandithirira mtedza wokazinga m'thumba la malaya. Tinapanikizana atatu kutsogolo, amake Lute ali pakati.

Ba Enelesi analankhula osapuma. Anatiuza za kukwera mtengo kwa nsomba, za asilikali a pa mlatho amene amalawa katundu wa munthu ngati anagula nawo, za amuna awo amene anapita ku Migodi kukafuna ntchito n'kupezako mkazi. Ine ndinkaseka, ndikuyembekeza kuti mwina amake Lute amwetulirako. Iwo ankangoyang'ana msewu.

Tsoka linatipeza pa Manenekela, pamene msewu umapindikapindika m'mbali mwa mapiri, phompho lili pambali. Tikukwera chitunda, fungo la chinthu chopserera linalowa m'galimoto, kenako nthunzi inatuluka kutsogolo ngati tafukula uvuni wa makala. Ndinaimika, ba Enelesi anathamanga kukaika miyala kumatayala. Nditatsegula boneti ndinapeza lamba wa injini ataduka, akulendewera ngati chikopa cha njoka. Wapadera ndinalibe. Ndinathyola nthambi n'kuziyala mumsewu kutsogolo ndi kumbuyo kuti ena adziwe kuti pali galimoto yofa, ndipo tinakhala pansi kudikira.

Pamalopo panalibe mudzi, panalibe mthunzi weniweni, mitengo yonse itayoyola masamba. Timantchentche tating'ono tinkatilowa m'maso. Magalimoto ankadutsa patalipatali. Basi ina inadutsa anthu akutiyang'ana pamawindo. Lole ina inaima, dalaivala anasuzumira mu injini, anapukusa mutu, napita. Amene sanatisiye anali anyani. Anatsika m'phiri banja lonse, nakhala pamiyala kutsidya kwa msewu, akutipenda. Tikuyang'ana ena, chimphongo chinazembera kuseri, chinakwera m'vaneti, n'kuthawa ndi buledi wathu yense chitamupanira kukhwapa. Ba Enelesi anachithamangitsa ndi patapata m'manja akuchitukwana mpaka makolo ake, koma icho chinakakhala pamwala n'kumasula pepala bwinobwino ngati munthu.

Atabwerera ali wefuwefu, anadzigwetsa pansi pafupi ndi akazi anga.

"Namvela bamuna banu bakuitanani ati bamake Lute. Ali giledi chani Lute?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma amake Lute ananditsogolera.

"Anamwalila."

"Mayo! Pepani mwandi." Ba Enelesi anapukusa mutu. "Ine ninaika batatu. Musalile maningi, mukali mwana imwe. Muzabala wina, muzaibala."

"Sinifuna wina."

Ndinaopa kuti mayi uja akhumudwa. Koma iye anangoyang'ana kuphompho kwa kanthawi, kenako anatenga dzanja la amake Lute n'kuliika pamwendo pake. Anatchula mayina a ana ake atatuwo, mmodzimmodzi, ndi matenda amene anatenga aliyense.

"Ni boza vamene nakamba," anatero motsitsa mawu. "Simuzaibala. Nakamba chabe ndaba ndiye vamene timakamba."

Amake Lute sanachotse dzanja lawo. Anakhala choncho azimayi awiriwo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwerereni galimoto, ba Enelesi anakhala chete.

Chipulumutso chinabwera ndi lole ya ku Chipata. Dalaivala wake anali ndi lamba wakale pansi pa mpando, ndipo anandigulitsa pa mtengo wa watsopano, akudandaula kuti akundichitira chifundo. Tinamukoka mpaka anagwira, madzi athu akumwa tinathira mu rediyeta, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kulowa m'chigwa. Kutentha kwa kumeneko kunatilandira ngati tatsegula chitseko cha ng'anjo.

Pamsika wa pa mlatho, pakati pa milu ya nsomba zouma ndi madengu, msilikali anatiimitsa n'kufunsa kumene tikupita.

"Tiyenda kukaona mvuu," ndinatero.

Anasuzumira m'galimoto, anayang'ana makala ndi mbaula, naseka. "Kuona chabe? Monga bazungu?" Anatiuza ndi dzanja kuti tizipita, akusekabe.

Ba Enelesi anatsika pomwepo. Anagula masau n'kuwathira m'chitenje cha amake Lute, anawanong'oneza kanthu kena kamene sindinamve, nalowa m'chigulu cha anthu madengu ali pamutu. Sitinadzawaonenso.

Ife tinakhotera kumwera, mu msewu wafumbi wolondola mtsinje kulowera ku Feira, mpaka tinafika pa misasa ya asodzi imene ndinkaikumbuka. Anthu amene ndinkawadziwa kale anali atasamuka, koma msodzi wina, ba Tembo, anavomera kutitenga pa bwato m'mawa. Amake Lute anagonanso kutsogolo kwa galimoto, ine ndinayala mphasa kumbuyo, mvuu zikubuula kumtsinje.

Kutacha, ba Tembo anakankhira bwato m'madzi. Linali losema pa mtengo umodzi, lalitali, lopapatiza, lomatidwa phula m'ming'alu. Anakhazika amake Lute kutsogolo, ine pakati, iwo kumbuyo ndi nkhafi.

"Mukhale pansi-pansi," anatichenjeza. "Osaimilila, osaika dzanja mu madzi."

Mtsinje unali utaphwa, mchenga uli mbee uku ndi uku, madzi akuyenda mokhotakhota pakati. Pagombe lina lalitali panali mabowo ambirimbiri, ndipo mbalame zofiira zinkatuluka m'menemo ngati moto wothetheka. Ng'ona zinali zitagona pamchenga kukamwa kuli yasa, ndipo zikatimva zinkatsetserekera m'madzi popanda phokoso. Padziwe lina tinapeza mvuu, makutu ndi mphuno zokha zili pamwamba. Ba Tembo anagogoda bwato ndi nkhafi kuti zidziwe kuti tikudutsa, n'kuzilambalala patali. Kenako kutsidya, kumene ndi ku Mozambique kale, njovu zinatuluka m'tchire pang'onopang'ono n'kuyamba kukumba mchenga kufuna madzi oyera. Nkhope ya amake Lute sindinkaiona, koma ndinaona mutu wawo ukutembenuka kutsatira njovuzo mpaka zinabisika.

Pokhota pena bwato linakwera pamchenga n'kukakamira. Ba Tembo anatsika kuti akankhe, nane ndinati ndithandize. Ndinapinda thalauza n'kutsika nsapato zili kuphazi. Tikukankha, mvuu ina inafwenthera kumbuyo kwathu. Inali patali ndithu, koma m'makutu mwanga inamveka ngati ili pamsana. Ndinalumpha kuti ndikwere m'bwato, phazi linatitimira m'matope, ndipo ndinagwa chagada, khuvu! Podzuka ndinali matope mpaka m'makutu, nsapato imodzi mtsinje utalanda, chipewa chikuyandama ulendo wa ku Zambezi.

Amake Lute anaseka. Anaseka kwenikweni, kuseka kwawo kwakale kogwira m'mimba, mpaka bwato linagwedezeka. Ba Tembo anaseka nawo, inenso ndinaseka ndili chiimire m'madzi. Mumtima ndinati ulendo uno wapindula.

Koma kusekako sikunathere pabwino. Kuli pakati mawu anasintha, mapewa anayamba kunjenjemera mwa mtundu wina, ndipo kunatuluka kulira kumene sindinakumvepo ngakhale masiku a maliro.

"Naseka, mayo ine, naseka! Mwana wanga ali mu dothi, ine niseka!"

Ba Tembo anakokera bwato pachilumba cha mchenga, analikhazika bwino, nati akukaona maukonde awo kuseri kwa bango. Anapita osacheuka. Ine ndinakwera n'kukhala pamalo panga. Amake Lute sanatembenuke. Ndinkaona msana wawo wokha ndi mfundo ya duku.

Atatonthola anayamba kulankhula, maso ali pamadzi. Miyezi yonse ija sanalankhulepo mawu ambiri chotere.

"Tenti ija, batate Lute. Mwana anafela mu tenti monga ija. Mtundu umodzi, na fungo yake imodzi. Mu chipatala munadzala, ndiye banatiika panja. Banamugoneka pa bedi ya chibowo pakati. Anali kunipempha madzi, nimupatsa, asanza, anipemphanso. Anafunsa ati, 'Batate babwela?' Ine ati bali panjila."

Ndinagwira m'mbali mwa bwato. Zimenezi palibe anandiuzapo. Ine ndinangoonetsedwa mulu wa dothi ndi kachitsulo ka nambala.

"Pamene analeka kupuma bananichotsa. Bananithila mankhwala ku manja na ku mapazi. Sibananilole kumusambika, olo kumuvalika diresi yake. Ninaona chabe pulasitiki yakuda ipita."

"Nanga bwanji simunaniuze masiku onse aya?"

"Ningakuuzeni bwanji, pamene siningakuyang'aneni?"

Sindinamve tanthauzo lake, ndipo iwo anadziwa kuti sindinamve.

"Simunaone? Kuchokela tsiku ija sininakuyang'aneni kumaso. Sikuti nikuzondani, iyai. Simunanilakwile chilichonse. Koma nkhope yanu ni ya Lute. Mphumi, mpata wa pa mano, na mwamene mumapendekela mutu mukamvela munthu akamba. M'mawa nikauka nimupeza pa pilo, nikondwela, elo nikumbukila. Tsiku na tsiku amwalilanso. Ninaganiza ati ni nyumba, ndiye ninakamba kuti tichoke. Koma masiku aya mu motoka naona kuti si nyumba."

Zinali zoona kuti mwanayo anatengera ine. Anthu ankanena pamsika, kutchalitchi, paliponse, ndipo ine ndinkanyada nazo. Ndinakhala pamenepo matope akuuma pamasaya panga, nkhwazi ikulira kwinakwake kumtunda.

"Manje nichite bwanji na nkhope yanga?" ndinafunsa. Sindinafunse mokwiya. Ndinkafunadi kudziwa.

"Palibe vamene mungachite."

Patapita kanthawi anapitiriza. "Nyumba ya ba Mulenga ni yabwino. Muitenge. Ine munisiye kwa bamai ku Nkomeshya, nibathandizeko kulima chaka chino. Kapena mtima uzakhala pansi."

Ndinali ndi mawu ambiri, a ukwati, a malonjezo a kutchalitchi, a zimene anthu adzanene, koma onse ndinawaona kuchepa. Ndinangotambasula dzanja n'kuliika paphewa pawo. Analigwira ndi lawo osatembenuka, ndipo tinakhala choncho mpaka ba Tembo anatulukira m'bango, nsomba zili m'manja, akutsokomola dala kuti tidziwe kuti akubwera.

M'mawa mwake tinatembenuka. Za ulendo wobwerera ndimakumbuka zochepa. Pa mlatho ndinagula patapata, poti nsapato inatsala imodzi. Manenekela tinakwera popanda vuto, lamba wakale uja akulira koma osaduka. Pageti lotchingira ntchentche za kashembe bambo wina anazungulira galimoto ndi kaukonde kake kozigwirira, anasuzumira pansi, natsegula. Amake Lute ankadya masau a ba Enelesi, nthawi zina n'kundipatsirako m'dzanja ndikuyendetsa. Ndikanakonda galimoto ikanafanso penapake, tikhale tsiku lina m'mphepete mwa msewu, koma tsiku limenelo inayenda ngati yatsopano.

Ku Nkomeshya tinapeza apongozi anga aakazi akusenda mtedza pabwalo. Ataona chikwama cha mwana wawo chikutsika chokha, anaika lichero pansi. Analowa naye m'nyumba, ndipo ndinkamva mawu awo a Chisoli, chimene ine wa ku Katete ndimangochitola patalipatali. Ndinakhala pachitsa panja, nkhuku zikutola mtedza umene unagwa. Patapita nthawi apongozi anatuluka, anagwada chapatali atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, nawomba m'manja.

"Bapongozi, musatope naye. Musiyeni apumuleko kuno."

"Nizayembekeza, bamai," ndinayankha.

Amake Lute anandiperekeza mpaka pa galimoto. Anatsitsa mbaula, kenako anaganiza, naibwezeramo.

"Iyi mutenge ndimwe. Muzidya, osagona na njala ati palibe wophika."

"Namvela."

"Muyende bwino, batate Lute."

Ku Chongwe ndinafika dzuwa likulowa. Ba Mulenga anandipatsa makiyi, ndipo akazi awo, amene ankasesa pakhomo, anasuzumira m'galimoto.

"Nanga bamai mwabasiya kuti? Babwela liti kuti tibathandize kukolopa?"

"Bakakolola," ndinatero.

Anakolola chaka chimenecho, sanabwere. Anakololanso chotsatira. Akazi a ba Mulenga anafunsa kangapo, kenako analeka. Sitinasudzulane, palibe anapita kwa ankhoswe kapena kukhoti. Abale anga ku Katete anandikakamiza kukwatira wina mpaka anatopa okha. Timakumana pa maliro ndi pa maukwati a pachibale, timapatsana moni mwaulemu, amandifunsa za miyendo yanga imene yayamba kuvuta, maso ali pambali. Nditapuma ntchito, nyumba ya ba Mulenga ndinaigula, ndipo ndimo ndikukhala mpaka lero.

Chaka chilichonse akakolola, ngolo ya alamu anga imaima pakhomo panga ndi matumba a chimanga ndi kathumba ka mtedza wosenda kale. Ndimasunga m'chipinda chachiwiri. Munthu mmodzi sangamalize chimanga chonsecho, china chimafumbwa chisanafike n'kuchigayo komwe, koma sindinawatumizirepo mawu akuti achepetse.